Lipoti la ntchito: kulowetsa faiba m'dera lomwe zonse zinakwiriridwa pansi

Ntchito yomwe ndikufotokoza pano inali yofikitsa intaneti ya faiba, ija yodutsa m'timaulusi ta galasi, m'nyumba mazana angapo za dera lina la mumzinda, dera lomangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980. Ine ndinali woyang'anira zokumba ndi zilolezo ku kampani yomwe inapatsidwa ntchitoyo. Sinditchula mzindawo kapena makampani omwe tinagundana nawo, chifukwa zomwe tinaona si za mzinda umodzi.

M'derali mulibe mapolo. Magetsi, mawaya a foni, madzi, gasi ndi mapaipi a zonyansa, zonse zinalowa pansi pa nthawi yomanga, ndipo malamulo a khonsolo amaletsa kuimika mapolo atsopano kulikonse kumene mawaya anakwiriridwa kale. Okhalamo amanyadira zimenezi ndipo m'pomveka. Kumwamba kuli mbee, mitengo imakula popanda woisadza, ndipo mphepo yamkuntho ikawomba magetsi sazima chisawawa. Koma kwa woyala faiba, dera lotere ndiye lovuta koposa. Pomwe pali mapolo, gulu limodzi limapachika chingwe msewu wonse dzuwa lisanalowe. Pomwe palibe, mita iliyonse imafuna kudula, kukumba kapena kuboola, ndipo mita iliyonseyo ili ndi mwini wake. Bungwe la European Union linanenapo kale, pokonza lamulo lake la 2014 lochepetsa ndalama zoyalira intaneti, kuti zokumbakumba zimatha kudya magawo 80 pa 100 aliwonse a ndalama za ntchito yonse. Galasi lenilenilo, lomwe kunenepa kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a milimita, ndiye chotchipa pa zonse.

Chomwe ndikufuna kuti anzanga a ntchitoyi atolepo ndi ichi: khonsolo sinali kukana faiba. Inali kukana kusiyiridwa msewu wodukaduka woti idzakonze yokha ife titapita. Titamvetsa zimenezo, zokambirana zinayamba kuyenda.

Zomwe mapu ankanena, ndi zomwe tinapeza

Tinayamba ndi kupempha mapu kwa eni zonse zokwiriridwa. Anabwera amitundumitundu. A magetsi anatumiza mapu a pakompyuta ooneka bwino. A madzi anatumiza zithunzi za mapepala akale ojambulidwa pamanja, pomwe mtunda wa paipi unayezedwa kuchokera pa mpanda womwe unagwa kalekale. A zonyansa anali ndi mapu a mapaipi akuluakulu a pakati pa msewu okha. Timapaipi tochokera m'nyumba kulowa mu aakuluwo sitinalembedwe paliponse, chifukwa khonsolo imati ndi ta eni nyumba, pomwe eni nyumba sadziwa n'komwe kuti timadutsa pati.

Akatswiri a ku United States ali ndi muyezo wotchedwa ASCE 38, womwe unatuluka mu 2002, wogawa chidziwitso cha zapansi m'magulu anayi. Gulu D ndi zomwe wawerenga pa mapu kapena wauzidwa. Gulu C ndi pomwe wafananiza mapuwo ndi zooneka pamwamba, monga zivundikiro ndi mavavu. Gulu B ndi pomwe wafufuza ndi makina. Gulu A ndi pomwe wafukula n'kuiona paipiyo ndi maso, n'kuiyeza. Ku Britain ali ndi wawo wofanana nawo, PAS 128. Ndimaukonda muyezowu chifukwa umamukakamiza munthu kunena zoona za kuchuluka kwa zomwe akudziwa. Bajeti yomwe kasitomala wathu, mwini chingwe amene anatipatsa ntchitoyi, anabwera nayo inali itawerengedwa pa chidziwitso cha gulu D, koma aliyense ankaitenga ngati ya gulu A.

Makina ofufuzira ali ndi malire awo. Chofufuzira cha maginito chimatsata chinthu chodutsa magetsi, kotero waya wa mkuwa ndi paipi yachitsulo zimapezeka mosavuta. Paipi ya pulasitiki sipezeka pokhapokha oikwirira atayala kawaya kolondolera pambali pake, ndipo kawayako kakaduka penapake, chizindikiro chimathera pomwepo. Makina a rada amaona pulasitiki, koma m'dothi lamakande lonyowa amaona pafupi kwambiri, ndipo theka la dera lathu linali makande.

Ndiye tinayamba kufukula timaenje toonera, pogwiritsa ntchito galimoto yopopa dothi. Madzi amphamvu amafewetsa dothi, payipi yaikulu imayamwa matope, ndipo palibe chitsulo chakuthwa chomwe chimakhudza chokwiriridwacho. Dzenje limodzi lomwe ndinaimapo linali pa kona ya msewu wolowera m'derali. Penti wa a gasi anali pa phula, pafupifupi mita imodzi kuchokera m'mphepete. Tinapopa pamenepo mpaka kupyola chiuno cha munthu, osapeza kanthu. Titasunthira cha ku kanjira ka oyenda pansi, paipi yachikasu inatulukira pakuya kosakwana theka la mita, itakhota mozemba tsinde la mtengo womwe unadulidwa zaka zambiri zapitazo. Pamwamba pake panali tepi yochenjeza yowola, yoti ukaigwira imayoyoka. Malo amenewo ndi omwe pulani yathu yoyamba inalemba kuti tidutsemo.

Kuya komwe kumalembedwa m'mapu nakonso sikudalirika, ngakhale oyalawo anachita zonse molondola. Msewu ukakonzedwa kangapo, ena amathira dothi, ena amapala, ndipo paipi yomwe inaikidwa pa masentimita 90 imapezeka pa 50 kapena pa 130.

Mapaipi akale

Njira yotchipa kwambiri ndi kusakumba n'komwe, kungolowetsa chingwe m'mapaipi omwe alipo. Mayiko ena anachita kuikira lamulo. Ku Britain, bungwe loyang'anira zamafoni la Ofcom linakakamiza kampani ya Openreach, mwini wa mawaya ambiri a foni m'dzikomo, kutsegulira makampani ena mapaipi ndi mapolo ake kuyambira mu 2011, ndipo mu 2019 mwayiwo unakuzidwa. Mzinda wa Stockholm unapita patsogolo kuposa pamenepo: mu 1994 unakhazikitsa kampani yakeyake, Stokab, yoyala faiba kamodzi n'kumabwereketsa kwa aliyense wofuna, kuti misewu isamakumbidwe ndi kampani iliyonse payokha.

Ife tinapeza zosakanikirana. Pa msewu waukulu panali mapaipi a kampani ya mafoni, ndipo atatilola kuwayesa, tinakankhamo ndodo yofewa ya faibagalasi kuchokera pa manhole ina kupita ku inzake. Zigawo zambiri inadutsa. Pa chigawo china inaima gwa. Titalowetsa kamera, tinaona paipi itaphwatalala ngati yapondedwa, mizu yoyera italowera pa mng'alu n'kudzaza mpata wonse. Pamenepo panafunika kukumba ndi kukonza, ndipo funso loti alipire ndani, ife obwereka kapena eni paipi, linatenga nthawi yaitali kuposa kukonzako.

M'timisewu ta m'kati munalibe mapaipi. Omanga a nthawi imeneyo ankangokwirira waya wa foni ndi wa magetsi m'dothi mwachindunji, opanda chotetezera. Zinali zotchipa kwa iwo, ndipo palibe ankaganiza kuti kudzabwera chingwe china. A magetsi anali ndi mapaipi ochepa opanda kanthu pa mphambano zina, koma anakana kutilowetsamo. Faiba yopanda chitsulo sidutsa magetsi, koma munthu wokaikonza ndiye amafika pafupi ndi mawaya amoyo, ndipo iwo sanafune anthu osaphunzitsidwa ndi iwo m'maenje awo. Pa mfundo imeneyi sindinalimbane nawo.

Msewu umodzi, eni ake ambiri

Chilolezo chokumba si chimodzi. A zamisewu amapereka chodula phula. A zoyendetsa magalimoto amafuna pulani yosonyeza pomwe mudzatseke, zikwangwani mudzaziika pati, ndi maola omwe mudzagwire. Pa msewu waukulu anatiletsa kugwira m'mawa ndi madzulo, anthu akamapita ndi kubwerera ku ntchito, kotero tsiku lathu linatsala lalifupi. A zamitengo ali ndi lamulo loti pansi pa nthambi za mtengo wa khonsolo sipadutsa makina odula, pamakumbidwa ndi manja kapena kuboola mozama kupyola mizu. A zamapulani amaona za mabokosi: kutalika kwake, mtundu wake, ndiponso kuti asatchinge woyendetsa galimoto kuona pa kona. Msewu wina wodutsa m'mphepete mwa derali si wa khonsolo n'komwe, ndi wa boma lalikulu, ndipo uli ndi ofesi yake, mafomu ake ndi inshulansi yake.

Maofesiwa salankhulana. Aliyense amayamba kuwerenga masiku ake pepala likafika pa desiki yake, ndipo mmodzi akasintha kanthu, ena onse amafuna pulani yatsopano. A zamitengo atatisuntha mita imodzi, tinalowa m'malo omwe a madzi amafuna kuti pakhale mpata pakati pa paipi yawo ndi china chilichonse, ndiye pepala linabwerera kumayambiriro. Lamulo la European Union lija linaika malire a miyezi inayi kuti chilolezo chiyankhidwe, ndipo lina lomwe linalowa m'malo mwake mu 2024 linalimbitsa zimenezo. Malire otere amathandiza, koma sathetsa vuto la pulani yozungulira maofesi. Chomwe chinatithandiza ife chinali chosavuta: tinapempha kuti onse abwere tsiku limodzi tiyende msewuwo limodzi, aliyense anene zake anzake akumva. Zomwe zinkakanika pa makalata zinatheka titaima pa kona.

Panalinso lamulo lomwe silinali mu bajeti: mukagumula konkire pa kona, simubwezeretsa momwe munapezera, mumamanga potsetsereka pa njinga za olumala molingana ndi muyezo wa lero. Ndi lamulo labwino, koma kona iliyonse imawonjezera ndalama, ndiye tinasintha njira kuti tiziboola pansi pa makona osagwira pamwamba.

Mkangano wa kuya

Apa ndi pomwe ntchito inatsala pang'ono kufa. Kasitomala wathu anawerengera njira ya microtrenching. Makina okhala ndi chimpeni chozungulira amadula kangalande kopapatiza m'mphepete mwa phula, ena amayamwa fumbi nthawi yomweyo, timapaipi tating'ono timayalidwamo, kenako mumathiridwa chosakaniza cha simenti chomwe chimadzaza chokha, pamwamba n'kumata. Faiba imadzalowetsedwa pambuyo, pouzira ndi mpweya. Gulu limodzi limayenda mtunda wochuluka kangapo kuposa okumba ngalande wamba, ndipo msewu umatsegulidwa tsiku lomwelo. Chifukwa kangalandeko n'kosazama, kamadutsa pamwamba pa zokwiriridwa zambiri.

Malamulo a khonsolo sankaidziwa njirayi. Analembedwa nthawi ya mapaipi akuluakulu, ndipo ankati chilichonse chokwiriridwa mumsewu chikhale pakuya kosachepera masentimita 60, ndiponso kuti wodula phula abwezeretse chigamba chachikulu chofika pakati pa msewu. Tikanatsata zimenezo, ubwino wonse wa microtrenching ukanatha.

Injiniya wamkulu wa zamisewu, mayi wodekha amene wakhala pa udindowo zaka zambiri, anandiyankha mwachidule titakumana. "Bambo, inu mudzapita ntchito ikatha. Msewuwu udzatsala ndi ine." Ndipo anali ndi chitsanzo chomwe aliyense wa ntchitoyi amachidziwa. Ku Louisville, m'boma la Kentucky, kampani ya Google Fiber inayamba kupereka intaneti mu 2017 itayala zingwe m'timingalande tozama mainchesi awiri okha, pafupifupi masentimita 5. Zomatira zinayamba kutuluka m'misewu, zingwe zina n'kukhala pamtunda. Mu February 2019 kampaniyo inalengeza kuti ikuchoka mumzindamo, mu April inazimitsa, ndipo inagwirizana ndi mzindawo kulipira madola 3.84 miliyoni ochotsera zingwe ndi kukonza misewu.

Vuto la masentimita 5 si zomatira zokha. Khonsolo ikamakonza msewu, makina opala amachotsa phula lapamwamba lokwana masentimita 4 kapena 5 asanathire latsopano. Chingwe chokhala pamenepo chimapita limodzi ndi phulalo. Ndiye khonsolo imakhala pa mpanipani: ikonze msewu wake n'kudula intaneti ya dera lonse, kapena iusiye uwonongeke. Palibe injiniya wa mzinda angavomere kumangidwa manja chotero, ndipo ine ndikanakhala pa mpando wa mayiwo sindikanavomera.

Komabe masentimita 60 nawo analibe chifukwa chenicheni pa kapaipi kochepa chonchi, ndipo ankatitsitsira pomwe pali mapaipi a gasi olowa m'nyumba. Tinabweretsa zomwe ena anachita. Boma la California linakhazikitsa lamulo la SB 378 mu 2021, lokakamiza mizinda kulola microtrenching, ndipo linafotokoza kangalandeko kuti kasapose mainchesi 4 m'lifupi, ndipo kuya kwake kukhale pakati pa mainchesi 12 ndi 26, kapena kuti masentimita 30 mpaka 66. Ku Germany, kumene makhonsolo ankakana njirayi poopa zomwezi, anatulutsa muyezo wa DIN 18220 mu 2023 kuti onse akhale ndi poyambira pamodzi. Mayiwo sanakopeke ndi mayina a mayiko. Anafuna kuona msewu wawo.

Tinaboola phula malo angapo n'kutulutsa zidutswa zozungulira kuti tione makulidwe ake. Pa msewu waukulu phula linali lokhuthala, pansi pake miyala yotsenderedwa bwino. M'timisewu tiwiri takale phula linali lopyapyala, losweka kale ngati khungu la ng'ona, ndipo kudula pamenepo kukanagumula m'mphepete monse. Zotsatira zake zinakhala mgwirizano wa mfundo izi. Pomwe phula lili bwino, tidule pakuya koti pamwamba pa kapaipi pakhale masentimita 30, kangalande kadutse pomwe phula limakumana ndi konkire wa m'mphepete, osati pomwe matayala amaponda. Pomwe phula latha, tisadule, tiboole pansi pa kapinga. Tiike chikole cha ndalama, ndipo chigamba chilichonse chikatitimira kapena kung'ambika m'zaka zomwe tinagwirizana, tibwere tidzakonze. Ku England chitsimikizo chotere chimakhala cha zaka ziwiri pa ngalande wamba. A khonsolo yathu anafuna zoposerapo, ndipo kasitomala anavomera monyinyirika. Mfundo yomaliza inali yolemera kwambiri: khonsolo ikadzafuna kumanganso msewu kuyambira pansi, mwini chingwe adzachisuntha ndi ndalama zake.

Woyendera ntchito wa khonsolo ankabwera ndi rula yachitsulo. Asanalole kuthira simenti, ankaitsitsa m'kangalande pa masitepe angapo aliwonse mpaka igunde kapaipi. Timapaipi timabwera tokulungidwa pa chigudumu ndipo timakumbukira kupindika kwake, kotero timakonda kudzuka pakati pa ngalande. Chosakaniza chikathiridwa timayandamanso. Pomwe rula inawerenga 24 m'malo mwa 30, ankalemba mzere wa choko pa phula, ndipo anyamata ankabwerera kukakanikiza ndi timipiringidzo ta thovu. Ena ankadandaula kuti akuchedwetsa. Ine ndinkaona kuti bamboyo akuteteza chingwe chathu kuposa momwe ife tinkachitetezera.

Pafupi ndi maloboti pali chinthu china choyenera kukumbukira. Mu phula mumakhala mawaya ozindikira galimoto ikaima, ndipo ali pamwamba penipeni. Chimpeni chikawadula, maloboti amasokonekera mphambano yonse. Sapezeka pa mapu a aliyense mwa eni zokwiriridwa, koma amaoneka ndi maso: mizere yakuda yamakona anayi pa phula.

Kuboola chopingasa

Pa mphambano, pa makona ndi m'timisewu ta phula lotha tinagwiritsa ntchito makina oboola chopingasa. Mutu wake umalowa pansi mopendekera, munthu amayenda pamwamba ndi cholondolera chomuuza kuya ndi komwe waloza, ndipo ukatulukira tsidya lina umakoka paipi pobwerera. Pamwamba pamatsala maenje awiri okha. A khonsolo amaikonda njirayi chifukwa sikhudza phula. Ine ndimaiopa kuposa zonse, chifukwa woboola saona chomwe akugunda.

Mu February 2013, ku Kansas City, oboola poyala chingwe anagunda paipi ya gasi pafupi ndi malo odyera. Nyumbayo inaphulika, munthu mmodzi anamwalira ndipo ena anavulala. Mu July 2018 zinachitikanso ku Sun Prairie, m'boma la Wisconsin, pa ntchito ya faiba, ndipo wozimitsa moto anataya moyo. Ku United States kuli nambala ya 811 yomwe wokumba aliyense amayenera kuimba masiku awiri kapena atatu ntchito isanayambe, kuti eni zokwiriridwa adzalembe penti: wofiira pa magetsi, wachikasu pa gasi, wa olenji pa zamafoni, wabuluu pa madzi akumwa, wobiriwira pa zonyansa. Dongosolo lotere n'lofunika, koma penti amangonena pomwe wolembayo akuganiza kuti paipi ili, ndipo amafufutika kapena kutha mphamvu pakapita milungu. Lamulo lathu pa ntchitoyi linali lakuti paliponse pomwe njira yathu idutsana ndi gasi kapena magetsi, pafukulidwe dzenje loonera, ndipo munthu aime pamenepo kuyang'ana mutu wa makina ukudutsa. Linatichedwetsa ndipo linadya ndalama zambiri. Sindinalolere kulifewetsa.

Timapaipi ta zonyansa tija, tosalembedwa paliponse, tili ndi vuto lake lobisika. Mutu wa makina umatha kuboola kapaipi kadothi kapena kapulasitiki woyendetsa osamva chilichonse. Paipi yathu imatsala yopingasa m'kati, zinyalala zimakodwapo pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi chimbudzi cha munthu chimabwerera m'nyumba. Pulambala akabwera ndi makina ake odula mizu, amadula chomwe wapeza. Chikakhala faiba, msewu umataya intaneti. Chikakhala gasi, ndi maliro. Tinalowetsa kamera m'mapaipi a zonyansa tisanaboole komanso titamaliza, ndipo tinapeza malo amodzi pomwe tinakhudza. Tinakonza mwini nyumba asanaone vuto.

Msewu womwe sitinaugwire

Msewu umodzi wa nyumba makumi angapo unali utangothiridwa phula latsopano chaka chapitacho. Khonsolo ili ndi lamulo loletsa kudula msewu watsopano kwa zaka zisanu, kupatula pa ngozi. Si lachilendo. San Francisco ili ndi lamulo la zaka zisanu lomwelo, ndipo ku England ndime 58 ya lamulo la zokumba m'misewu la 1991 imapatsa akuluakulu a misewu mphamvu yofananayo. Chifukwa chake n'chomveka: msewu wodulidwa sukhalitsa ngati wosadulidwa, ngakhale chigamba chitakhala chabwino chotani, poti madzi amalowera pa msoko. Mizinda ina imachita kulipiritsa nthawi yomwe mwatseka msewu. Ku London, kuyambira 2012, misewu yodzaza kwambiri imalipiridwa mpaka mapaundi 2,500 pa tsiku.

Tikanatha kupempha kuti atichotsere chiletsocho, koma mtengo wake unali kuthiranso phula msewu wonse, mbali zonse. Kapinga wa m'mphepete anali wodzaza kale ndi magetsi mbali ina, gasi ndi madzi mbali inayo, popanda mpata woboola mosaopsa. Kasitomala anawerengera n'kuusiya. Chopweteka n'choti pomwe msewuwo unali wofukulidwa, kuponyamo paipi yopanda kanthu kukanadya ndalama zochepa kwambiri. Mizinda yomwe ili ndi lamulo lokumba kamodzi imachita zimenezo: aliyense akatsegula msewu, paipi ya zingwe zamtsogolo imalowa, ndipo makampani onse amadziwitsidwa ntchito isanayambe. Khonsolo yathu inali ndi chiletso chokha, popanda mnzake wa lamulolo. Chiletso chopanda paipi chimatseka anthu kunja kwa zaka zisanu pa mlandu womwe sanapalamule.

Mamita omaliza

Chilolezo cha khonsolo chimathera pa malire a msewu. Kuchokera pamenepo kufika pa khoma la nyumba ndi malo a mwini, ndipo aliyense amafunika kusaina payekha. Pomwe pali mapolo, chingwe chimangodutsa m'mwamba. Kuno chimayenera kudutsa pansi pa kapinga, maluwa, mapaipi othirira omwe mwiniwake anaika yekha, ndi polowera galimoto pa konkire. Anthu omwewo amene ankaimba foni kufunsa kuti faiba ifika liti ndi amene ankatuluka atakwiya poona penti pa kapinga wawo. Walira mvula walira matope, koma simunganene zimenezo kwa mwini nyumba. Tinayamba kujambula bwalo lililonse tisanaligwire, ndi kudula kapinga m'zidutswa zoti zibwerere pomwe zinachoka. Madandaulo anachepa kwambiri.

Zikalata za malo ena zinali ndi ndime yakale yolola mawaya a magetsi ndi a foni kudutsa kuseri kwa nyumba. Maloya a mbali ziwiri anasiyana maganizo ngati ndimeyo ikukhudzanso kampani yatsopano ya faiba, ndiye tinapewa kuseri konse n'kudzera kutsogolo, ngakhale kunali kotalika.

Mabokosi ogawira anabweretsa mkangano wina. Faiba imodzi yochokera ku likulu imagawidwa kwa nyumba 32 kapena 64 ndi kagalasi kosafuna magetsi, ndipo kagalasiko kamafuna pokhala. Okhala m'dera lopanda mapolo safuna bokosi lobiriwira kutsogolo kwa nyumba yawo, ndipo a zamapulani anawamvera. Tinaika zonse m'maenje okhala ndi zivundikiro zolingana ndi nthaka. N'zokongola, koma maenjewo amadzaza madzi mvula ikagwa, kotero cholumikizira chilichonse chinayenera kukhala chotsekeka ndithu, ndipo wokonza adzayamba wapopa madzi asanagwire ntchito. M'nyumba zosanjikizana munali nkhani ya eni nyumba ndi alendi: wokhalamo akufuna, mwini wake sakuyankha makalata. Ziwiri mwa nyumba zotere zikadali zosalumikizidwa, chingwe chili pa geti.

Pomwe ntchito ili pano

Misewu yonse kupatula watsopano uja inayatsidwa. Ndalama zinapitirira bajeti yoyamba, ndipo zambiri mwa zowonjezerazo zinapita ku maenje oonera, makamera a m'mapaipi ndi kubwezeretsa phula, osati ku faiba. Nthawi yodikira zilolezo inaposa nthawi yokumba. Dzinja loyamba litadutsa tinayenda ndi woyendera wa khonsolo uja msewu ndi msewu. Zigamba zochepa zinali zitatitimira pafupi ndi maenje oboolera, pomwe dothi silinatsenderedwe mokwanira, ndipo tinazikonza pa chikole chija. Timingalande ta m'mphepete tinali bwino.

Paipi iliyonse yomwe tinaika ili ndi kawaya kolondolera, poti faiba payokha makina saipeza, ndipo tinayeza kawayako chigawo ndi chigawo tisanapereke ntchito. Malo ndi kuya kwa njira yonse tinazilemba ndi GPS ngalande zili zotsegula. Tinaperekanso ku khonsolo ndi kwa eni ake zonse zomwe tinaona m'maenje oonera, kuphatikizapo paipi yachikasu ya pa kona ija, yomwe a gasi aisintha tsopano pa mapu awo. Pa malekezero onse awiri a msewu watsopanowo tinasiya maenje okhala ndi timapaipi totsekedwa kukamwa, ndipo pempho la chilolezo chake lalembedwa kale, likudikira chaka chomwe chiletso chidzathe. Khonsolo yatipempha kuti mfundo za mgwirizano wathu wa kuya zikhale poyambira polemba ndime yatsopano ya microtrenching m'malamulo ake, ndipo komiti ya zamisewu ikukambirana zoonjezerapo lamulo lokumba kamodzi.